Mmene mungakokere ngolo kapena kalavani popanda kutsekereza anzanu pamsewu

Aliyense amene anayendetsapo galimoto potsika ku Golomoti kuchokera ku Masasa, kapena pokwera chitunda cha Chiweta, amaudziwa mndandanda wa galimoto umene umapangika kumbuyo kwa munthu mmodzi wokoka ngolo. Patsogolo pamakhala pikapu yokoka boti lopita kunyanja, kapena galimoto ya alendo yokoka kalavani (ngolo yokhala ngati kanyumba kogonamo), kapenanso minibasi yochokera ku Johannesburg imene ngolo yake yadzaza mafiriji, matilesi ndi zikwama mpaka kupitirira denga. Pambuyo pake pamandandalika galimoto zisanu ndi zitatu kapena khumi, dalaivala aliyense akusendezera galimoto yake kumzere wapakati kuti asuzumire kutsogolo, kenako n'kubwerera msanga chifukwa kwatulukira basi. Pakatha mphindi makumi awiri akuyenda chotero, mitima imakhala itatentha, ndipo pamapezeka mmodzi amene amatopa n'kuyamba kupitirira pokhota, pamene sakuona chimene chikubwera.

Ndakhalapo mbali zonse ziwiri za mndandanda umenewu, ndipo maganizo anga ndi akuti kuyenda pang'onopang'ono si mlandu. Munthu wokoka katundu wolemera ayeneradi kuchepetsa liwiro, ndipo amene amathamanga ndi ngolo ndiye woopsa koposa. Chimene chimakwiyitsa anthu, pachifukwa chomveka ndithu, ndi dalaivala amene akuyendetsa ngati galimoto yake ili yokha: sayang'ana pagalasi, sapatuka, nyali za ngolo yake sizikuyaka, ndipo akafika pamalo owongoka pamene anzake akadamupitirira, iye ndi pamene amaponda moto. Zonsezi zingathe kukonzedwa, zambiri mwa izo musananyamuke n'komwe.

Yambani ndi kulemera

Galimoto iliyonse ili ndi malire a katundu amene ingakoke, ndipo malirewo amalembedwa m'buku la galimotoyo. Kawirikawiri pamakhala manambala awiri, ina ya ngolo yokhala ndi mabuleki ake ndi ina yocheperapo kwambiri ya ngolo yopanda mabuleki. Ngolo yopangidwa ku fakitale imakhala ndi kachitsulo kolembapo kulemera kwake ili yopanda kanthu ndi kulemera kumene isapitirire ikapakiridwa. Kusiyana kwa manambala awiriwa ndiye katundu amene mungaikemo, ndipo nthawi zambiri amakhala wochepa kuposa mmene maso amaganizira. Tiyerekeze ngolo imene malire ake ndi makilogalamu 750 ndipo payokha imalemera makilogalamu 250. Malo otsala ndi a makilogalamu 500, amene ndi matumba khumi okha a simenti kapena a chimanga a makilogalamu 50. Ngolo yotero imaoneka ngati ingalandire matumba makumi awiri, ndipo ambiri amaikadi makumi awiri chifukwa choti malo alipo, osaganizira kuti matayala, masipuling'i ndi mabuleki a galimoto sanapangidwire zimenezo. Ngolo zowotcherera kwa amisiri a m'tauni nthawi zambiri sizikhala ndi kachitsulo kotere, choncho mwini wake ayenera kupita nayo pa sikelo kamodzi ili yopanda kanthu ndi kamodzi ili yodzaza, kuti adziwe chimene akukoka.

Laisensi nayo ili ndi malire. Ku South Africa, laisensi wamba ya Code B imalola kukoka ngolo imene malire ake olembedwa sapitirira makilogalamu 750, ndipo ngolo yaikulu kuposa pamenepo imafuna Code EB. Wapolisi amayang'ana nambala yolembedwa pa ngolo, osati katundu amene mwanyamula tsikulo, motero kalavani yopanda kanthu ingathe kukugwiritsani. Ku Britain malamulo adasintha mu December 2021, ndipo tsopano wokhala ndi laisensi ya galimoto yaing'ono amaloledwa kukoka ngolo yofika makilogalamu 3,500 popanda mayeso ena. Kuloledwa kumeneku sikupatsa munthu luso, ndipo n'chifukwa chake mabungwe a eni makalavani kumeneko amalangiza woyamba kumene kuti kalavani yodzaza isapitirire 85 peresenti ya kulemera kwa galimoto yoikoka. Galimoto ya makilogalamu 1,600 ikoke kalavani yosapitirira makilogalamu 1,360. Pa ngolo yopanda mabuleki, maiko onse awiriwa amagwirizana kuti isapitirire theka la kulemera kwa galimoto yopanda kanthu. Kuno kwathu, tembenuzani laisensi yanu muone zilembo zimene zalembedwapo, ndipo ngati ngolo yanu ndi yaikulu kafunseni ku Road Traffic musanapite nayo pamsewu, chifukwa ngozi ikachitika a inshulansi amayamba kufunsa za laisensiyo.

Kapakiridwe ka katundu

Apa ndi pamene ulendo umakomera kapena kuipira. Ngolo yopakiridwa molakwika imavina pamsewu, ndipo dalaivala wake, chifukwa cha mantha, amayenda pakati pa msewu pa liwiro la makilomita 40 pa ola ngakhale pamalo abwino. Anthu a kumbuyo amamuona ngati wamwano, pamene iye akulimbana ndi chiwongolero.

Katundu wolemera aikidwe pansi, pafupi ndi pamene pali matayala a ngolo, ndipo gawo lalikulu, pafupifupi magawo asanu ndi limodzi mwa khumi, likhale kutsogolo kwa matayalawo. Firiji, jenereta, matumba a simenti ndi mabatire zisakhale kumchira. Matilesi, zofunda ndi mipando yapulasitiki ndi zimene ziyenera kupita pamwamba. Cholinga chake n'chakuti mphuno ya ngolo, pamene imalumikizana ndi galimoto, izikanikiza pansi ndi mphamvu yoyenera. Pa ngolo yolemera makilogalamu 1,000, mphamvu imeneyi ikhale pakati pa makilogalamu 50 ndi 100, koma isapitirire nambala yolembedwa pa chitsulo chokokera cha galimoto yanu. Mungathe kuyeza ndi sikelo yoyezera anthu: ikani sikeloyo pansi, imikani kamtengo kolimba pakati pa sikelo ndi mphuno ya ngolo, mutayamba mwatsekereza matayala ndi miyala, ndipo onetsetsani kuti mphunoyo ili pa msinkhu umene imakhala ikakolekedwa ku galimoto.

Mphuno ikapepuka kwambiri, kulemera kwa kumchira kumaikoka ngolo uku ndi uku, ndipo liwiro likamakwera kugwedezekako kumakula mpaka kutembenuza galimoto. Mphuno ikalemera kwambiri, kumbuyo kwa galimoto kumatitimira, matayala akutsogolo sagwira bwino msewu, chiwongolero chimapepuka, ndipo usiku nyali zimaloza m'mwamba n'kumathobwa m'maso aliyense wochokera kutsogolo ngakhale musanayatse nyali zowala kwambiri. Mukamaliza kupakira, imani chapatali muyang'ane galimoto ndi ngolo cham'mbali. Zikhale zowongoka ngati mzere umodzi. Zikapanga chigwa kapena chitunda pamene zalumikizana, tsitsani katundu mupakirenso, ngakhale kuti zimenezi zikudyerani ola lathunthu.

Eni makalavani akumbukire kuti lita imodzi ya madzi ndi kilogalamu imodzi, ndipo madzi a m'thanki yosadzaza amakhavukira uku ndi uku pokhota paliponse. Ndi bwino kuyenda ndi thanki yopanda madzi n'kukatunga kumene mukupita. Eni maboti akumbukire kuti injini ya boti imakhala kumapeto kwenikweni kwa ngolo, choncho zigubu za mafuta ndi katundu wina ziikidwe kutsogolo kwa boti kapena m'galimoto.

Pomanga, gwiritsani ntchito malamba okhala ndi zokokera zachitsulo kapena chingwe cholimba. Malegeni a chubu ndi abwino pomanga katundu pa njinga, koma amatamuka dzuwa likatentha ndipo sangagwire firiji pamene mwaponda mabuleki mwadzidzidzi. Lona akulungidwe bwino, mbali zake zilowe pansi pa malamba, chifukwa lona wokupiza amatchinga maso a woyenda kumbuyo ndipo akang'ambika amakagwera pagalasi la mnzanu. Mukayenda makilomita 20 oyambirira, imani mukokenso malamba onse, pakuti katundu amakhazikika akagwedezeka ndipo malamba amakhwepa.

Zoyang'ana musanalize injini

Mphuno ya ngolo ilowe bwinobwino pa kampira kachitsulo ndipo chotsekera chake chigwe. Musakhulupirire maso okha: yesani kuinyamula ndi manja kapena ndi kagudumu kake koimikira, ndipo ngati yagwira, kumbuyo kwa galimoto kumanyamuka nayo. Kampira kofala ku South Africa ndi ku Ulaya ndi ka mamilimita 50, ndipo mphuno ya muyeso wina ingaoneke ngati yalowa koma n'kuvuka pa bampu yoyamba. Tcheni chachitetezo chikolekedwe ku chitsulo cholimba cha galimoto. Ngati matcheni ndi awiri, apingasitseni pansi pa mphuno kuti ikavuka igwere pa iwo m'malo molima msewu.

Pemphani wina aime kumbuyo pamene inu mukuyesa nyali za mabuleki, maindiketa onse awiri ndi nyali zausiku. Ngolo yaitali imabisa nyali za galimoto, motero nyali za ngolo zikafa, woyenda kumbuyo sadziwa kuti mukuima kapena mukukhota mpaka ataona ngolo ili pamphuno pake. Pa zinthu zonse zimene ndimaona pa ngolo za m'misewu yathu, ichi ndi chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri, makamaka popeza kuchikonza kumangofuna babu, waya ndi theka la ola.

Matayala a ngolo ndi a kalavani amakalamba asanathe mapanga, chifukwa amakhala miyezi yambiri padzuwa osayenda. M'mbali mwa tayala mumakhala manambala anayi osonyeza sabata ndi chaka chimene linapangidwa, monga 2319, kutanthauza sabata ya 23 ya chaka cha 2019. Tayala lopitirira zaka zisanu kapena zisanu ndi chimodzi, kapena looneka ming'alu m'mbali, lisinthidwe. Yezani mpweya matayala asanatenthe, nyamulani tayala lapadera la ngolo, ndipo onetsetsani kuti jeke ndi sipanala yanu zikukwanira pa ngoloyo. Pamene mwaima panjira, gwirani pakatikati pa gudumu pogwiritsa ntchito kuseri kwa dzanja. Likatentha moti simungapirire, mabering'i auma ndipo gudumu lili pafupi kuguluka.

Kenako magalasi. Ngati ngolo kapena kalavani ndi yotambalala kuposa galimoto, magalasi wamba amangokuonetsani khoma la kalavaniyo. Gulani magalasi owonjezera omangirira pa magalasi a m'mbali. Ku Britain munthu amalipitsidwa chindapusa akapezeka akukoka popanda kuona bwino kumbuyo. Madalaivala ambiri amene sapatuka sikuti ndi ouma mtima: sadziwa n'komwe kuti kumbuyo kwawo kuli galimoto khumi.

Amene mumayenda ulendo wa pakati pa Johannesburg ndi Blantyre, wa makilomita pafupifupi 1,700 kudzera ku Beitbridge, Harare, Nyamapanda, Tete ndi Mwanza, kumbukirani kuti dziko lililonse lili ndi zizindikiro zake. Ku Zimbabwe, mwachitsanzo, ngolo imafunika zilembo za T zonyezimira, choyera kutsogolo ndi chofiira kumbuyo. Mapepala a ngolo akhale apadera ndi a galimoto, chifukwa pachipata ngolo imawerengedwa payokha.

Mukalowa mumsewu

Ngolo imatalikitsa mtunda umene mumafunika kuti muime. Pa liwiro la makilomita 80 pa ola galimoto imayenda mamita 22 pa sekondi iliyonse, choncho siyani mpata wa masekondi anayi kapena kuposerapo pakati pa inu ndi amene ali patsogolo. Muziyeza poona pamene iye wadutsa mtengo kapena chikwangwani, n'kuwerenga mpaka inu mutafikapo. Mvula ikamagwa wonjezerani mpatawo. Mpata umenewu ulinso ndi ntchito ina, yoti amene akukupitirirani apeze polowa.

Pokhota, matayala a ngolo sadutsa mmene adutsa a galimoto, amadulira mkati. Pitani patsogolo pang'ono musanakhotetse chiwongolero, ndipo yang'anani pagalasi lakumanzere, chifukwa m'matauni athu mbali imeneyo mumakhala akabaza, ana asukulu ndi amayi ogulitsa malonda. Pobwerera m'mbuyo, gwirani chiwongolero chakumunsi: kumene dzanja lanu lapita ndi kumene mchira wa ngolo upite. Yesererani zimenezi pabwalo la mpira tsiku lopanda anthu, kuti musadzaphunzirire pamalo omwetsera mafuta anthu akukudikirani.

Pamtsetse wautali, monga wa Golomoti, wa Chiweta, wotsikira ku Chikwawa kuchokera ku Blantyre kapena Van Reenen's Pass pa msewu wa N3 pakati pa Harrismith ndi Ladysmith, lowetsani giya yotsika, yamphamvu, musanayambe kutsika, yomwe mukadakwerera chitundacho. Injini igwire galimoto, ndipo mabuleki muziwaponda mwamphamvu kwakanthawi n'kuwasiya kuti azizire. Mukawagwiritsa osalekeza amatentha, amayamba kununkha, ndipo pamapeto pake phazi limangolowa pansi galimoto osaima. Kutsika ndi giya yomasula pofuna kusunga mafuta ndi chizolowezi chimene chapha anthu, ndipo wokoka ngolo asachiyese n'komwe.

Ngolo ikayamba kugwedezeka uku ndi uku, zimene zimachitika kawirikawiri potsika, pamphepo yamphamvu kapena pamene basi yakupitirirani, chotsani phazi pamoto pang'onopang'ono ndipo gwirani chiwongolero chowongoka ndi manja awiri. Musaponde mabuleki mwamphamvu, musayese kutsatira kugwedezekako ndi chiwongolero, ndipo musamvere amene amati kuwonjezera liwiro kumaiwongola ngolo. Ikakhazikika, pezani malo oima mukaonenso kapakiridwe ndi mpweya wa matayala.

Kupereka mpata

Maiko amene muli makalavani ambiri adaika nkhaniyi m'malamulo chifukwa adaona kuti mndandanda wautali umabala ngozi. Lamulo 169 la Highway Code, buku la malamulo a pamsewu la ku Britain, limauza woyendetsa galimoto yaikulu kapena yoyenda pang'onopang'ono kuti asasunge mndandanda wautali kumbuyo kwake, aziyang'ana pagalasi kawirikawiri, ndipo apatuke pamalo abwino kuti ena adutse. Kumeneko wokoka ngolo saloledwa kupitirira mamailosi 50 pa ola, amene ndi makilomita 80, pamsewu wa mbali ziwiri wopanda chotchinga pakati, kapena mamailosi 60 pamsewu waukulu, ndipo saloledwa kulowa mzere wakumanja kwenikweni pamsewu waukulu wa mizere itatu. Ku California, ku America, lamulo limatchula nambala: galimoto zisanu zikandandalika kumbuyo kwanu pamsewu wa mizere iwiri, muyenera kupatuka pamalo oyamba abwino. Nambala imeneyi ndi yoyenera kuitenga ngakhale kumene lamulo silikuitchula. Ine ndimapatuka zikakwana zitatu, kapena ndikaona kuti galimoto imodzi yanditsatira kwa mphindi zisanu popanda mpata.

Kupatuka kuli ndi kachitidwe kake. Sankhani malo amene mukuwaona patali, olimba, otalika mokwanira galimoto ndi ngolo, osakhala pokhota kapena kuseri kwa chitunda. Yatsani indiketa yakumanzere nthawi ikadalipo, chepetsani liwiro pang'onopang'ono, tulukani mumsewu kwathunthu, ndipo dikirani mpaka onse adutse. Kupatuka theka, matayala awiri ali pa tala, kumakakamiza anzanu kudutsa mzere wapakati pamalo amene mwina sakuona kutsogolo. Pobwerera mumsewu kumbukirani kuti mumatenga nthawi yaitali kuti mufike pa liwiro, choncho dikirani mpata waukulu.

Ku South Africa madalaivala amapereka mpata polowa kuseri kwa mzere wachikasu wa m'mphepete mwa msewu akuyendabe. Lamulo la kumeneko limalola zimenezi masana okha, pamsewu wa mzere umodzi mbali iliyonse, ndiponso pamene mukuona bwino mamita 150 kutsogolo. Amene mwazolowera zimenezi musabwere nazo pa M1 kapena M5 osaganiza. M'mphepete mwa misewu yathu ndi mmene mumayenda anthu apansi, njinga zonyamula makala ndi mbuzi, ndipo m'malo ambiri tala adadyeka m'mbali n'kusiya phompho lakuthwa limene lingang'ambe tayala la ngolo kapena kuigwetsa. Kuno n'kwabwino kudikira malo enieni oima.

Pali zizolowezi zitatu zimene zimapsetsa mtima kuposa kuchedwa kwenikweniko. Choyamba ndi kuthamanga pamalo owongoka. Wokoka ngolo amakwawa pachitunda ndi pokhota, ndipo msewu ukawongoka amamva kupepukidwa n'kuponda moto mpaka makilomita 100 pa ola, kenako n'kubwerera pa 50 pokhota potsatira. Malo okhawo amene anzake akadapitirira amakhala atawatseka. Msewu ukawongoka ndipo kutsogolo kuli mbee, khalani pa liwiro lomwelo kapena chotsani phazi pamoto pang'ono, sunthirani kumanzere kwa mzere wanu, ndipo alekeni adutse. Wina akayamba kukupitirirani musawonjezere liwiro ngakhale pang'ono.

Chachiwiri chimachitika pamene msewu uli ndi mzere wowonjezera wokwerera chitunda. Wokoka kalavani amene akuyenda pa 62 amatuluka kuti apitirire thiraki yoyenda pa 60, ndipo amamaliza mzere wonsewo ali pambali pa thirakiyo. Ngati simungaipitirire msanga, khalani kumbuyo kwake, mzerewo muusiyire galimoto zing'onozing'ono.

Chachitatu ndi kuyenda mothithikana. Mabanja kapena abwenzi opita kunyanja pa Isitala kapena pa Khirisimasi amakonda kutsatizana pafupipafupi, ndipo ngolo zitatu zotsatizana zimasanduka chinthu chimodzi chotalika mamita 50 chimene palibe angachipitirire bwinobwino. Siyani mamita 200 kapena kuposerapo pakati panu, ndipo panganani malo okakumana m'malo moopa kutayana. Chimodzimodzinso poima: musatseke mapampu onse pomwetsa mafuta, ndipo pa malo a malonda monga pa Lizulu kapena pa Zalewa musaimike ngolo mchira uli mumsewu pamene mukugula mbatata. Ngati mungathe kusankha nthawi, nyamukani m'mamawa kukangocha, msewu usanadzaze ndiponso injini isanayambe kulimbana ndi dzuwa, ndipo pewani kukoka usiku.

Kwa inu amene muli kumbuyo

Bwererani m'mbuyo pang'ono. Mukamamatira ngolo simuona kutsogolo, dalaivala wake sakuonani, ndipo mulibe malo oti muyambire kuthamanga musanatuluke. Ngati simukuona magalasi a m'mbali a galimoto yokokayo, dziwani kuti iyenso sakukuonani.

Kupitirira galimoto yokoka ngolo kumafuna msewu wautali kuposa mmene ambiri amaganizira. Tinene kuti iyo ikuyenda pa 80, inu pa 100, ndipo galimoto ndi ngolo yake ndi zotalika mamita 15. Mukawerengera mpata wa kumbuyo, kutalika kwa galimoto yanu ndi mpata woti mulowere kutsogolo, muyenera kuiposa ndi mamita pafupifupi 60, ndipo zimenezi zimatenga masekondi 11. Pa nthawi imeneyo inu mwayenda mamita 300, ndipo galimoto yochokera kutsogolo pa liwiro ngati lanu yayendanso mamita 300. Mukufunika kuona msewu wopanda kanthu mamita 600, opitirira theka la kilomita. Yerekezani ndi chimene mukutaya mukadikira: kuyenda makilomita 20 pa liwiro la 70 kumatenga mphindi 17, pamene pa 100 kumatenga mphindi 12. Kusiyana kwake ndi mphindi zisanu.

Musadalire indiketa ya mnzanu ngati chilolezo. M'misewu ya kuno madalaivala a mathiraki amayatsa yakumanja pochenjeza kuti kutsogolo kukubwera galimoto, ndi yakumanzere posonyeza kuti mungadutse, koma ena amayatsa yakumanja usiku pongosonyeza m'mbali mwa galimoto yawo, ena akufunadi kukhota, ndipo mlendo wokoka kalavani mwina sadziwa chizolowezi chimenechi. Tulukani pokhapokha inu mwini mwaona ndi maso anu. Musatsatire galimoto imene yatuluka patsogolo panu, chifukwa mpata umene waikwanira iyo mwina sukukwanirani nonse. Mukaona galimoto yokoka ngolo ikusendera kumanja pamene indiketa yake ikuloza kumanzere, ikufuna malo okhotera, ndipo mukalowa kumanzere kwake ngolo idzakupanikizani.

Mukapitirira, musalowe msanga kutsogolo kwake n'kuponda mabuleki, pakuti mpata umene dalaivalayo anasiya ndi umene amaimira. Dikirani mpaka galimoto yake yonse ioneke pagalasi lanu lapakati. Kuliza hutala kosalekeza ndi kuthwanimitsa nyali kumangosokoneza munthu amene mwina akulimbana ndi mtsetse. Ngati mwaona chinthu choopsa pa ngolo yake, monga lamba womasuka, tayala lophwa kapena utsi pa gudumu, lizani hutala mwachidule pamene mukudutsa, wokwera nanu aloze ku ngoloyo, ndipo ngati dalaivalayo sakumva, auzeni apolisi pa chipata chotsatira. Pamene mwaona kuti mtima wanu watentha moti mwayamba kuganiza zopitirira pamzere wosadukiza, imani pamalo abwino kwa mphindi zisanu, mndandandawo upite.

Wokoka ngolo akakupatukirani, muthokozeni monga amachitira madalaivala a m'chigawo chino, poyatsa mahazadi kawiri kapena katatu mutalowa kale kutsogolo kwake, kapena pokweza dzanja. Azimitseni msanga, chifukwa akapitiriza kuthwanima a kumbuyo amayesa kuti kutsogolo kwachitika ngozi ndipo amayamba kuponda mabuleki.